Mkamwini ndi Oyilo wa Bokosibode

Galoni yathunthu ya oyilo inatha m'masabata awiri okha, ndipo a Kalisto anati wakuba akumudziwa.

"Galimoto siimwa oyilo ngati chidakwa pa mowa wa maliro," anatero ataimirira pabwalo, chitini chopanda kanthu chili m'manja. "Alipo amene akuikama. Ndipo woyenda nayo ndi mmodzi."

Mmodziyo anali Gervazio, mwamuna wa Anjelina. Anjelina anali mwana wa mlongo wawo wa a Kalisto, choncho a Kalistowo ndiwo anali atsibweni ake, mwini mbumba, amenenso anaimira ukwatiwo ngati nkhoswe. Gervazio anali mkamwini chabe. Anachokera kutsidya kwa Linthipe, ndipo pamudzipo chake chenicheni chinali khasu, mphasa ndi chiphaso choyendetsera galimoto.

Nkhaniyi anandiuza ndi Anjelina mwini wake, tsiku lina mvula itatipanikiza tonse pakhonde la sitolo pa Chimbiya. Inachitika m'chaka cha 1956, m'mudzi wina kuseri kwa Phiri la Dedza, kumene nthaka ndi yopendekeka moti ukaika dzungu pansi umakalitola kudambo.

A Kalisto anagwira ntchito ku Halale zaka zambiri, ndipo pobwerera kwawo anabwera ndi bokosibode yakale yobiriwira. Iwo kuyendetsa sankadziwa. Mkamwini ndiye ankanyamula mbatatesi ndi kabichi za mudzi wonse kupita nazo kuboma Lachiwiri ndi Loweruka. Galimotoyo inali ndi chilema chimodzi: sitata yake inafa kalekale, ndipo handulo yopukusira inathyoka. Nchifukwa chake inkagona pamtsetse wa kuseri kwa nkhokwe, mphuno itaweramira kudambo, mwala waukulu uli kutsogolo kwa tayala. M'mawa ankangochotsa mwalawo, galimoto nkutsetsereka, injini nkulira yokha. Anthu onse ankati imeneyo ndi nzeru.

A Kalisto ankaikonda galimotoyo kuposa ng'ombe zawo. Ikangofika kuchokera kuboma, Gervazio asanatsike nkomwe, iwo anali atatsegula kale boneti. Ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, nkupeza oyilo ali mmunsi. Ankathira mpaka afike pamzere wapamwamba. Ulendo wotsatira ankapeza watsikanso.

"Gervazio," anatero a Kalisto tsiku lomwe galoni ija inatha, "mnzako uja wokonza njinga pamsika, matcheni a njinga zake amanyezimira ndi chiyani?"

Gervazio anali atanjuta, chipewa chili pabondo. "Sindidziwa, atsibweni."

"Sudziwa. Nanga oyilo wangayu akumwa ndani? Mizimu?"

"Ine sindinatengeko ngakhale dontho."

"Ndinakupatsa mwana wa mlongo wanga. Ndinakupatsa munda. Ndinakupatsa chiwongolero chimene amuna a mudzi uno amangochiona ndi maso. Bweretsa kiyi kuno. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi upinde mphasa yako uzipita kwanu. Ukwati wa m'tchalitchi sindingaumasule, koma mbala m'mbumba mwanga sindisunga."

Tsikulo linali Lachitatu. Anjelina anadikira mpaka iye ndi mwamuna wake atafika kudimba, kumene kunalibe makutu a anthu.

"Bambo a Yohana, ndiuzeni zoona ine. Munagulitsa?"

"Nawenso wayamba?"

"Ndikufunsa kuti ndidziwe pomwe ndiime."

"Sindinagulitse. Koma galimoto ija ikufuka utsi wachilendo. Ndikakwera chitunda, oyenda pansi amagwira pamphuno."

"Nanga bwanji simunawauze?"

"Ndinayesako kamodzi. Anati utsi ndiye mphamvu yake, kodi sitima ya pamtunda siifuka? Ndikanapitiriza akanati mkamwini wakula mwendo."

Anjelina anazula udzu m'mphepete mwa mzere. Kenaka anati, "Inu simungatsutsane nawo, inenso sindingathe. Koma alipo munthu amene angathe."

Lachinayi m'mawa anasenza dengu la mbatatesi nayenda wapansi mpaka kuboma. Kumeneko kunali Che Twaibu, makaniko amene anaphunzira za injini kunkhondo, ndipo masiku amenewo ankakonza malole otuta matabwa kuphiri. Akazi awo ankagula mbatatesi kwa Anjelina, ndiye ankadziwana. Anawapeza atagona chagada pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka.

Atamva nkhani yonse, Che Twaibu anatuluka nakhala tsonga, akupukuta manja.

"Ndikufunseni zitatu, mama. Galimotoyo imaima pati poyeza?"

"Pamtsetse. Popanda mtsetse siilira."

"Amayeza nthawi yanji?"

"Ikangofika, ikadali kupuma moto."

"Utsi wake ndi wotani? Wakuda, woyera, kapena wobiriwira ngati thambo?"

"Wangati thambo."

Che Twaibu anaseka mpaka kofiya yawo inagwa. "Basi, wakuba ndamugwira ndili pompano. Mawa ndi Lachisanu, ndili ku mzikiti. Loweruka ndibwera panjinga. Mukawauze atsibweni anu kuti asathire china chilichonse, ndipo mwamuna wanu asayambe wapinda mphasa."

Loweruka dzuwa litakwera pang'ono, Che Twaibu anafika akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Mbiri inali itawanda kuti kukubwera munthu wodzagwira mbala, choncho anthu anali atadzaza kale kuseri kwa nkhokwe.

"Moni, eni galimoto," anatero. "Mudzi wanu uno munaumanga pakhoma? Njinga yandikwera ine m'malo moti ndiikwere."

A Kalisto sanaseke. "Mwabwera kudzaikira kumbuyo wakuba, Che Twaibu?"

"Ndabwera kudzaona wodwala. Tandionetsani momwe mumayezera. Muchite ndendende monga mwa masiku onse."

A Kalisto anapereka kiyi monyinyirika. Gervazio anatsetsereka nayo galimoto, nazungulira kudambo, nakwera nayo kudzaiimika pamalo ake. Utsi unatsala uli tolo m'njira monse. Injini itangozima, a Kalisto anatsegula boneti, nasolola kachitsulo, nakapukuta pa kabudula wawo. Pokabwezera anangokalowetsa mofulumira nkukasolola, chifukwa chitsulo cha injini chinkawawotcha dzanja.

"Onani!" anatero, akukweza kachitsuloko kuti onse aone. "Lachiwiri madzulo ndinadzaza ndekha. Lero ali pati? Pansi pa mzere!"

Anthu anang'ung'udza. Gervazio anayang'ana pansi.

"Mama Anjelina," anatero Che Twaibu, "tandipatsani mbale ya madzi. Musadzaze kwambiri."

Anaika mbaleyo pathabwa la kumbuyo kwa galimoto. Madzi onse anathamangira mbali ya kutsogolo, ena nkutayikira, mbali ya kumbuyo nkutsala pafupifupi youma.

"A Kalisto, pisani chala mbali iyi. Madzi afika pati?"

"Pachikhadabo."

"Pisani mbali inayo."

"Chala chamira."

"Ndiye m'mbalemu muli madzi ochuluka kapena ochepa?"

A Kalisto anakanda m'mutu. "Zitengera pomwe wapisa."

"Eya. Pansi pa injini pali mbale ngati yomweyi, yachitsulo, ndipo oyilo amagona mmenemo. Kachitsulo kanu kamapisa chakumbuyo kwa mbaleyo. Galimoto ikaweramira kudambo, oyilo amathawira kutsogolo, kachitsulo nkumangonyowa kunsonga. Chimenecho ndi choyamba. Chachiwiri, injini ikamalira oyilo amakhala ali paulendo, wakwera m'mwamba monsemu kufewetsa zitsulo. Mukazimitsa sabwerera nthawi yomweyo. Inu mumawerenga ng'ombe m'khola zina zikadali kudambo."

Mayi wina anaseka mokweza, nadzigwira pakamwa.

"Chachitatu ndaona ndi maso angawa. Kachitsulo simunakafikitse pansi. Munathawa moto."

"Zonsezo ndi pakamwa," anatero a Kalisto. "Oyilo wanga ali kuti? Galoni yathunthu!"

"Tiyeni tikamufune. Malo osapendekeka alipo m'mudzi muno?"

Anthu anayang'anana. Wina anatchula pakhomo pa tchalitchi, ena nkukana kuti mvula ikagwa madzi amayenderera. Pomaliza anagwirizana za bwalo la sukulu ya mishoni, kumunsi, limene makolo analisalaza ndi makasu kuti ana azichitirapo masewera. Gervazio anatsetsereka nayonso galimoto, khamu lonse likutsatira pambuyo, a Kalisto ali kutsogolo ndi chitini chawo.

Pabwalopo Che Twaibu anaikanso mbale ya madzi pathabwa. Madzi anakhala bata, ofanana mbali zonse.

"Apa ndiye pabwino. Zimitsa, Gervazio."

A Kalisto anathamangira ku boneti, koma Che Twaibu anawagwira mkono.

"Dekhani, bwana. Mphindi khumi."

"Wotchi ndiitenga kuti ine?"

"Inu a Roma simuyenda ndi kolona m'thumba? Nenani zigawo zitatu mosathamanga. Mukamaliza, oyilo watsika, ndipo mtima wanunso watsika."

Apa ngakhale a Kalisto anamwetulira pang'ono. Kolona sanatulutse, koma anakhala pa chitsa nadikira. Anjelina anandiuza kuti m'moyo wake sanaonepo mphindi zazitali ngati zimenezo. Anaima kumbuyo kwa amayi anzake, mwana ali kumsana, akudzifunsa kuti makanikoyo akapezeka kuti walakwitsa, mawa nyumba yake ikhala ya ndani.

Nthawi itakwana, Che Twaibu anatulutsa kansalu koyera m'thumba napatsa a Kalisto.

"Muyeze nokha, asadzati Mchawa anachita matsenga. Sololani. Musawerenge, koyambako kamanama chifukwa oyilo amakhala atawazikira ponseponse. Pukutani ndi kansaluko, osati pakabudula, kabudula ali ndi mchenga ndipo mchenga ndi mdani wa injini. Tsopano lowetsani. Kankhani mpaka kagunde. Kagunda?"

"Kagunda."

"Sololani pang'onopang'ono. Nsonga iyang'ane pansi, mukaikweza m'mwamba oyilo ayenderera nkukunamizani. Mukuona timizere tiwiri? Kammunsi kakuti wachepa, kapamwamba kakuti wakwana. Tiuzeni, ali pati?"

A Kalisto anayang'ana. Anatembenuza kachitsuloko nayang'ana mbali inayo. Anapukuta, nalowetsanso, nasololanso.

"Atsibweni, ali pati?" Anjelina analephera kupirira.

"Wapitirira," anatero a Kalisto ndi mawu apansi.

"Kwezani mawu, akumbuyo sakumva," anatero Che Twaibu.

"Ndati wapitirira! Wadutsa mzere wapamwamba ndi zala zitatu!"

Nthungululu ya Anjelina inamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Amayi ena anamulandira, ndipo amuna amene m'mawa ankamuyang'ana Gervazio cham'mbali anayamba kumugwira chanza.

Che Twaibu anapempha beseni, nagona pansi pa galimoto ndi sipanala. Anamasula bawuti ya pansi pa injini, oyilo wakuda nkuyamba kuchucha. Ankatseka, kudikira, kuyeza, nkutsegulanso, mpaka oyilo anaima pamzere wapamwamba. M'beseni munali oyilo wokwana mabotolo awiri ndi theka.

"Uyu ndi wanu woyamba," anatero. "Wotsalayo gwadani mumuone."

A Kalisto anagwada nasuzumira. Pansi ponse pa galimoto panali matope akuda, oyilo atasakanizika ndi fumbi kuyambira ku injini mpaka kumatayala akumbuyo.

"Injini ikakhuta mopitirira imasanza," anatero Che Twaibu. "Zitsulo zozungulira zimamenya oyilo mpaka achite thovu, ndipo thovu silifewetsa kanthu. Wina amatulukira m'mbali, wina amapsa nkukhala utsi umene mumautama uja. Galoni yanu ili mumsewu, kuyambira pano mpaka kuboma. Mukanapitiriza mwezi wina, mukanaipha galimotoyi ndi chikondi."

"Ndiye kuthira kwambiri nkoipa ngati kusathira?"

"Zonse ndi imfa. Ndipo muthokoze Mulungu kuti imagona itaweramira kumunsi. Ikanamagona mphuno ili kumtunda, kachitsulo kakanamakuuzani kuti oyilo ndi wodzaza pamene watha, injini nkupsa muli kuseka."

A Kalisto anaimirira, akusasa fumbi m'mawondo. Anali munthu wouma mutu, koma wosakonda bodza. "Ndamva. Komabe ndifuna ndione ndekha. Lachiwiri apite kuboma monga mwa masiku onse, yekha. Akabwera aimike pompano, igone pano. Lachitatu m'mawa ndidzayeza."

"Kuyeza kwa m'mawa, injini itazizira, ndiye kwabwino kuposa konse," anatero Che Twaibu. "Koma musadabwe pakapita masabata mukapeza watsikako pang'ono. Galimotoyi ndi nkhalamba, pang'ono imadya ndithu. Muzithira pang'ono, kudikira, kuyeza, osati kukhuthula chitini chonse."

Lamulungu linadutsa mphasa ya Gervazio ili pamalo pake. Lachiwiri anapita kuboma ndi matumba a mbatatesi, ndipo amene anamuona akukwera chitunda anati utsi unali utachepa kwambiri. Lachitatu m'mawa, mame asanaume, a Kalisto anatsikira kusukulu ndi kansalu kawo. Anasolola, anapukuta, analowetsa mpaka kugunda, anasololanso. Oyilo anali pamzere pomwe anamusiya.

Masana a tsiku lomwelo anaitanitsa mbumba yonse. Anatulukira atakwapatira tambala wamkulu wofiira, nakaima pamaso pa Gervazio.

"Akamwini," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula mwaulemu chotero, "ndinakunenani mbala pagulu, ndiye ndipepesanso pagulu. Mbala inali mtsetse, ndipo woithandiza ndinali ine. Landirani nkhukuyi, mutsuke dzina lanu."

Gervazio analandira ndi manja awiri. "Zatha, atsibweni."

"Sizinathe," anatero Anjelina. "Galimoto izigona kusukulu masiku onse? Nanga m'mawa aziikankha ndani? Dzulo amuna asanu ndi mmodzi anatuluka nayo thukuta."

"Iwenso ndiye sukhutira," anatero a Kalisto. "Ukufuna titani?"

Apa Gervazio, amene zaka zinayi anakhala akumeza mawu pamudzipo, anayankhula. "Atsibweni, pamwamba pa mtsetse paja tikumbe mbali ya kumtunda, dothilo tithire mbali ya kumunsi, titchinge ndi miyala. Pakhale kabwalo kokwana galimoto imodzi. Izigona posalazika, tiziyeza pomwepo. Tikatha, munthu mmodzi angoikankha mapazi awiri, mtsetse uilandira."

A Kalisto anamuyang'ana nthawi yaitali. "Nzeru zoterezi unkazisunga kuti?"

"Simunandifunsepo."

Anthu anaseka, a Kalisto nawo anaseka. M'mawa mwake amuna anatuluka ndi makasu, amayi akututa miyala kumtsinje. Anagwira masiku awiri. Woyang'anira ntchito anali mkamwini, ndipo mwini mbumba ankakumba pomwe wauzidwa. Kabwaloko katatha, Gervazio anaimikapo galimoto, ndipo kuyambira pamenepo galoni imodzi inkatha miyezi. Bokosibode ija inanyamula mbatatesi za mudziwo zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndipo Gervazio anakalambira pamudzi pomwepo, ana ake ndi adzukulu ali pakhomo.

Ndayenda m'misewu yambiri, ndipo magalimoto ofera m'mbali mwa njira ndawaona osawerengeka. Ambiri sanafe ndi ukalamba. Anafa chifukwa mwini wake anayeza molakwika nkukhulupirira zimene anaona. Choncho inu amene muli ndi galimoto, kapena mumayendetsa ya wina, gwirani izi. Poyeza oyilo, imikani galimoto pamalo osalazika. Zimitsani injini ndi kudikira mphindi khumi, kapena yezani m'mawa isanalire. Sololani kachitsulo, pukutani ndi nsalu yoyera, lowetsani mpaka kagunde, sololaninso, ndipo muwerenge nsonga ili pansi. Oyilo akhale pakati pa timizere tiwiri. Akachepa onjezani pang'onopang'ono, ndipo mzere wapamwamba musaudutse.

Ndipo musanaloze munthu chala kuti wakuberani, yambani mwafunsa wodziwa ngati mwayeza bwino. Kufunsa kumatenga tsiku limodzi, koma banja likapasuka kulimanganso nkovuta.